Thalauza la Zigamba Zitatu

1. Buku la miyezo

Shopu ya a Telala inali kachipinda kamodzi ka zenera limodzi, koyang'ana kumsewu. M'katimo munali makina osokera, tebulo lodulirapo nsalu, simbi ya makala, ndi mpando umodzi umene unali utatopa kalekale ndi mwini wake. Kumanja kunali wometa tsitsi. Kumanzere kunali mayi wokazinga tchipisi, ndipo fungo la mafuta ake linkalowa pazenera osaodira.

Mwana wawo wamkazi, wa zaka khumi ndi zinayi, ankafika akaweruka kusukulu. Ntchito yake inali kulemba miyezo ya makasitomala m'buku lachikuto chakuda. Bambo ake akazunguliza tepi m'chiuno mwa munthu n'kutchula nambala, iye ankalemba. N'chifukwa chake msewu wonse unkamutchula kuti Kalaliki, mpaka dzina lake lenileni linangotsala m'kaundula wa kusukulu.

A Telala ankadziwa chiuno cha munthu aliyense mumsewuwo. Ankatha kuuza kasitomala kuti, "Mwawonjezera inchi imodzi ndi theka," asanagwire n'komwe tepi. Koma m'buku lonselo munalibe tsamba la iwo eni.

Lachisanu limenelo Kalaliki anapeza makina ali zii. Bambo ake anali pampando, thalauza lawo lotuwa lili pamiyendo, akumasula msoko wa kumbuyo ndi kalezala. Sanamufunse za kusukulu monga mwa masiku onse.

"Ndipezere kansalu kotuwa m'thumba la zidutswa," anatero osadzutsa mutu.

Pobweretsa kansaluko, Kalaliki anaona kumbuyo kwa thalauzalo. Panali kale zigamba zitatu zoonda, zosokedwa mogundana kuchokera m'lamba kutsika m'munsi. Choyamba chinali chotuwa. Chachiwiri chinali chakuda. Chachitatu anachizindikira msanga, chifukwa chinali chotsala cha yunifolomu yake ya chaka chatha. Ntchitoyo inali yaukhondo moti ndi jekete pamwamba palibe akanadziwa.

Anthu ena thalauza likawathina amadziwa kuti thupi lasintha. Telala alibe mwayi umenewo. Likamuthina madzulo, m'mawa limakhala likumukwana.

"Ichi chikhala chachinayi, bambo?"

"Kalaliki amalemba, safunsa."

Potembenuza thalauzalo, m'thumba munagwa pepala lopindidwa kanayi. Kalaliki analitola. Linali lochokera kuchipatala, la tsiku lomwelo. Sanamve zonse zolembedwapo, koma mawu ena anali osavuta. Magazi akuthamanga kwambiri. Shuga wayamba kukwera. Achepetse thupi. Abwerenso pakatha masabata awiri.

Mantha anamugwira. Kwa masiku ambiri bambo ake ankadandaula mutu, ndipo kunyumba aliyense ankati ndi maso atopa ndi singano.

A Telala anamulanda pepalalo n'kuliponya m'kabati ya makina. Anayang'ana kukhomo, kenako anatsitsa mawu.

"Tamvera, mwana wanga. Mayi ako asamve. Iwe unali wamng'ono, sukukumbukira bwino. Agogo ako atafa ziwalo, mayi ako ndi amene ankawasambitsa, kuwadyetsa ndi kuwatembenuza pabedi zaka zinayi zathunthu. Anaonda ngati wodwala ndi iwo. Ukawauza kuti inenso ndayamba njira yomweyo, tulo sadzationanso. Nkhaniyi ndiikonza ndekha. Suti ya ukwati ndimaisoka masiku atatu. Mimba iyi ingandikanike masabata awiri?"

"Nanga azakhali? Iwo si namwino?"

"Makamaka azakhali akowo. Akangomva andikalipira ngati mwana wa sitandade wani. Ukulonjeza?"

Kalaliki analonjeza. Chibadwire anali asanawakanepo bambo ake, ndipo sanadziwe poyambira.

2. Nzeru za khomo loyandikana

Makoma a mashopu amenewo anali a matabwa, ndipo wometa anali ndi makutu akuthwa kuposa lezala lake. Sipanathe mphindi zisanu, anasuzumira pakhomo, chipeso chili m'tsitsi.

Anali munthu woonda ngati ulusi, amene chibadwire sananenepepo. Komabe nkhani yochepetsa thupi ankaidziwa kuposa madokotala onse. Ankadziwanso za mpira, za ndale ndi za mvula ya mawa.

"Akulu, musavutike," anatero. "Mafuta ndi mafuta basi. Mukawaika pamoto amasungunuka. Thukuta mumalionali ndi mafuta akutuluka. Kasitomala wanga wina anadzikulunga pulasitiki pamimba, n'kuvala jekete, n'kudzitsekera m'chipinda chotentha. Ola limodzi lokha, makilogalamu awiri anapita. Chinsinsi chake n'choti musamwe madzi. Mukamwa mwabweza zonse."

"Andipatsanso mapilitsi," anatero a Telala.

"Amenewo ndiye ayi. Mukayamba simusiya mpaka kumanda."

A Telala anaponya maso pangodya, pamene panali mulu wa mapulasitiki aatali ovindikirira masuti osokedwa kale. Anamwetulira koyamba tsiku limenelo.

"Kusukulu anatiuza kuti thukuta ndi madzi," Kalaliki anatero motsitsa.

Wometa anaseka. "Za m'buku izo, a Kalaliki. Ife tikunena zimene tinaona ndi maso athuwa."

Madzulo kunyumba Kalaliki anangoseweretsa chakudya m'mbale. Mayi ake anamugwira pachipumi.

"Wadwala?"

"Ayi, amayi."

"Nanga kwachitika chiyani kushopu? Iwe ndi bambo ako nonse mwangoti ndwii."

"Palibe, amayi."

Mayi ake anamuyang'anitsitsa, kenako anamuuza kuti atulutsiretu yunifolomu, chifukwa mawa linali tsiku lochapa.

3. Kiyi m'dzanja

Loweruka dzuwa linatuluka ndi ukali. Itakwana thwelofu koloko, a Telala anapachika diresi imene ankapinda, n'kuvula malaya.

"Gwira uku. Uzindizungulira."

Kalaliki anawazungulira katatu ndi pulasitiki ya masuti. Aka kanali koyamba kuona mimba ya bambo ake pafupi chotero. Mikono ndi miyendo yawo sizinali zazikulu kwenikweni. Koma mimba inali patsogolo, yolimba gwa, yoti chala sichilowa.

A Telala anamanga pulasitikiyo ndi timizere ta nsalu, mfundo zitatu zolimba za telala. Pamwamba anavala malaya, juzi ndi jekete. Anadzaza makala amoto m'simbi n'kuisiya yotsegula pansi, pafupi ndi mpando. Anatseka zenera, n'kulitchinga ndi nsalu. Pomaliza anachotsa ulusi ndi singano pamakina kuti azingopalasa chopondera popanda chosoka.

Anapatsa Kalaliki kiyi ndi foni yawo.

"Khoma loko kunja kuti makasitomala aziti ndachoka. Ukhale pabenchi, uziyang'ana nthawi. Usatsegule ola lisanakwane, ngakhale ndikuitane. Ndikudzidziwa ine. Ndikatopa ndiyamba kukunyengerera."

"Madzi, bambo? Kapu imodzi yokha."

"Unamva wometa dzulo. Tseka."

Kalaliki anakhoma loko n'kukhala pabenchi. M'kati makina anayamba kulira.

Mayi wa tchipisi anatulutsa mutu pamalo pake. "Bambo ako lero sakuitanitsa? Mbale yawo ndawasungira, ndi botolo lawo lozizira."

"Achokapo."

"Achokapo? Ndiye makinawo akusoka okha?"

Kalaliki anayang'ana pansi. Bodza linali lisanamuzolowere, ndipo limeneli linali lachiwiri kuyambira dzulo.

Mphindi makumi awiri zinatha makina akulira bwinobwino. Pofika theka la ola, phokosolo linayamba kuchedwa. Kalaliki anagogoda pathabwa.

"Bambo?"

"Zikuyenda," anayankha ali wefuwefu. "Zatsala zingati?"

"Theka la ola."

"Chabwino. Khala pansi."

Anakhala, koma mtima unali m'mwamba. Nambala za pafoni zinkayenda pang'onopang'ono ngati zikuchitira dala. Makina analeka. Anayambanso. Analekanso.

"Bambo?"

Kenako mawu anamveka, olemera ngati a munthu amene wadzutsidwa kutulo.

"Usa... usatsegule."

Chinachake chinagwa m'katimo, ndipo timagudumu ta ulusi tinamveka tikugubuduzika pansi.

Wometa anali ataima pakhomo pake, akupukuta lezala. "Asiye," anatero. "Pamenepo ndiye kuti mafuta ayamba kusungunuka. Ukatsegula wawononga ntchito yonse."

Kalaliki anaimirira. Anakhalanso. Kiyi inali itanyowa m'dzanja lake. Bambo ake anali atanena momveka bwino kuti asatsegule ngakhale amuitane. Koma panopa sankamuitana n'komwe, ndipo chimenecho n'chimene chinamuopsa kwambiri.

Anayang'ana foni. Panali patatsala mphindi 18. Analowetsa kiyi m'loko.

Mpweya wotentha, wonunkha makala, unamumenya kumaso. Bambo ake anali atagonetsa mutu pamakina, manja ali lende. Nkhope inali itatuwa, milomo itauma. Kalaliki anakoka nsalu ya pazenera, n'kulikankha ndi chigongono. Anagwira simbi pachogwirira n'kukaiika panja. Anawavula jekete ndi juzi movutikira, koma mfundo za pamimba zinakana kumasuka.

Patebulo panali sizasi yaikulu ya nsalu. Sizasi imeneyo inali ndi lamulo lake. Sinkagwiridwa ndi munthu wina, ndipo sinkadula china chilichonse koma nsalu. Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, Kalaliki anadulira chithunzi cha m'nyuzipepala, ndipo mpaka lero ankakumbukira chimene chinatsatira.

Anaitenga.

A Telala anatsegula diso limodzi. "Imeneyo... ya nsalu."

Kalaliki analowetsa sizasi pansi pa pulasitiki n'kudula kuchokera pamchombo mpaka pachifuwa. Thukuta limene linali litasonkhana m'katimo linakhuthukira pansi.

"Thandizeni!" anafuula.

Mayi wa tchipisi ndi wometa anawanyamula n'kuwagoneka pamthunzi pakhomo. Mayiyo anabweretsa madzi, ndipo ankawamwetsa pang'onopang'ono uku akuwapukuta kumaso ndi nsalu yonyowa. Wometa nzeru zinali zitamuthera. Ankangowakupiza ndi katoni.

Kalaliki anatsegula foni n'kuyamba kufufuza nambala ya azakhali. Bambo ake anamugwira mwendo.

"Usaimbe. Unalonjeza."

"Ndinalonjezadi, bambo," anatero, misozi ili m'maso. "Mundikalipira mukapeza bwino."

Anaimba.

4. Azakhali alankhula

Azakhali ankagwira ntchito pa kachipatala kena, misewu iwiri kuchokera pashopu. Anali mlongo wawo wamkulu wa a Telala, mayi wamfupi amene anawabereka kumsana ali khanda. Anafika pasanathe mphindi khumi, chikwama chili m'manja.

Sanakalipe, ndipo zimenezo zinaopsa kuposa kukalipa. Anauza a Telala kuti akweze manja onse awiri, amwetulire, atchule tsiku. Anawamanga chida choyezera magazi pamkono n'kudikira. Kenako anafunsa chimene chachitika, ndipo Kalaliki anafotokoza zonse, n'kutulutsa pepala lija m'kabati.

Atawerenga, azakhali analoza madzi amene anali pansi pafupi ndi mpando.

"A Wometa, tabwerani. Ikani chala apa. Ndi mafuta amenewa? Tiwapatse mayiwa akazingire tchipisi?"

Wometa anakumbukira mwadzidzidzi kuti wasiya kasitomala. M'shopu mwake munalibe munthu, koma anapitabe.

Azakhali anakhala pabenchi moyang'anizana ndi mlongo wawo.

"Mlongo wanga, lero ukanatisiya. Munthu wa magazi othamanga, wadzitsekera ndi makala amoto, wakana madzi. Mpweya wa makala wokhawo umapha munthu asanadziwe kuti akufa. Thukuta ndi madzi ndi mchere basi. Ukamwa makapu angapo, makilogalamu a wometa aja abwerera onse, koma mtima ndi impso zazunzika pachabe.

"Mafuta paokha si mdani. Thupi limawafuna. Ndi chakudya chimene limasungira mawa, amatiteteza ku kuzizira, ndipo amatchinjiriza ziwalo za m'kati. Koma amakhala malo awiri. Ena ali pansi pa khungu, amene ungawatsine ndi zala m'ntchafu ndi m'mikono. Amenewo savuta kwambiri. Ena amabisala m'kati mwa mimba, n'kukuta chiwindi ndi matumbo. Ndi amene alimbitsa mimba yakoyi. Amenewo sakhala phee ayi. Amasokoneza mmene thupi limagwiritsira ntchito shuga. Amachititsa kuti mitsempha ya magazi iume ndi kuchepa njira. Mtima umapopa movutikira tsiku ndi tsiku, iwe osamva kanthu, mwina kamutu chabe. Ndiye tsiku lina mtsempha wa m'mutu umatsekeka kapena kuphulika.

"Bambo athu anagwera pampando womwewu. Ndine ndinawapeza. Dzanja lamanja, limene linakuphunzitsa kudula kolala, linangoti lende, osadzukanso. Zaka zinayi ankayang'ana makina awa osatha kuwagwira. Nawonso ankakulitsa mathalauza awo, chigamba pa chigamba. Ndinkawaona, ndipo nthawi imeneyo sindinkadziwa zimene ndikudziwa lero. Panopa ndikudziwa. Sindikhala chete kachiwiri."

A Telala anali atatsamira chitseko, kapu ya madzi ili m'manja. Sanayang'ane munthu kumaso.

"Andipatsa masabata awiri okha," anatero.

"Masabata awiriwo ndi oti akaone ngati mankhwala akugwira ntchito, osati kuti mimba ithe. Thupi si thalauza loti ulibweze msoko madzulo amodzi. Mafuta amenewa wawasonkhanitsa zaka khumi uli pampando. Amachoka minofu ikamagwira ntchito. Thupi limawawotcha pang'onopang'ono, ndipo ambiri amatuluka ndi mpweya umene ukupumawu, osati pakhungu. Sungawasankhire potulukira, kaya umange lamba, kaya pulasitiki. Koma nkhani yabwino ndi iyi: a m'kati aja ndi amene amamva msanga munthu akayamba kuyenda.

"Uziyenda mwandawala, moti ungathe kulankhula koma osatha kuimba. Uyambe ndi mphindi khumi. Sabata iliyonse uziwonjezera pang'ono, mpaka theka la ola, masiku asanu pa sabata. Ola lililonse uzidzuka pampandopo, ukafike pakona n'kubwerera. Tiyi wako wa masupuni anayi a shuga atsike. Botolo lotsekemera la masana lilowedwe m'malo ndi madzi. Ukamatsika theka la kilogalamu pa sabata, wachita bwino kwambiri. Ukamva kupweteka pachifuwa, kubanika kapena chizungulire, uime pomwepo, tithamangire kuchipatala. Wamva?"

"Ndamva."

"Ndiye ine ndataya kasitomala," anadandaula mayi wa tchipisi.

"Kamodzi pa sabata, theka la mbale," azakhali anayankha. "Akagona pabedi sadzagula n'komwe." Anatembenukiranso kwa mlongo wawo. "Mankhwala anakupatsa aja ali kuti?"

"Kunyumba. M'thumba la malaya."

"Wamwa angati?"

A Telala anayang'ana m'kapu.

"Uyambe lero. Lolemba ndidzakutenga ndekha tikawafotokozere zachitika lerozi. Ndipo mlamu wanga amve lero lomwe. Iye ndi amene amagona nawe nyumba imodzi. Ukadzagwa, ukufuna adzadziwe tsiku limenelo?"

Kenako anakoka Kalaliki pafupi.

"Iwe, usatengepo phunziro lolakwika. Ndaona atsikana amsinkhu wako akudzimana chakudya chifukwa choopa kunenepa, mpaka kukomoka m'kalasi. Iwe ukukula. Uzidya, uzisewera, uziyenda. Za lonjezo lija usadzione wolakwa. Pali zinsinsi zimene mwana angasungire bambo ake. Koma chinsinsi chikafika poti munthu afa nacho, uzithamangira kwa wamkulu, ngakhale mwini wake akukane."

Kalaliki anagwedeza mutu. Anayang'ana bambo ake mobisa. Iwo anali asanamulankhule chiimbireni foni ija.

5. Tsamba latsopano

A Telala atapuma ndi kumwa madzi okwanira, azakhali anachotsa tepi pamsomali n'kuipereka kwa Kalaliki.

"Ayeze kutalika."

Anawaimika pakhoma. Kalaliki anakwera pabenchi n'kuyeza. "Mainchesi 68."

"Theka lake?"

"34."

"Chiuno cha munthu chisamapitirire theka la kutalika kwake. Tsopano yeza mimba. Pamchombo, osati pansi pamene amamangira lamba."

"Ine ndine wa 38," anatero a Telala. "Chiuno changa ndikuchidziwa."

"Unali wa 38 zigamba zisanayambe. Ima bwino."

Kalaliki anazunguliza tepi. Anaona mimba ikulowa m'kati pang'ono, mapewa akukwera. Zimenezo anali ataziona kambirimbiri m'shopumo, ndipo yankho lake ankalidziwa pamtima. Linatuluka lokha asanaganize.

"Pumani, akulu. Tepi sinamizidwa."

Anali mawu a bambo ake enieni, amene ankauza makasitomala. Mayi wa tchipisi anaphulika ndi kuseka. A Telala anatulutsa mpweya, mimba n'kubwerera pamalo pake.

"45," Kalaliki anatero motsitsa.

Azakhali anatsegula buku lakuda patsamba loyera n'kuliika patebulo pamodzi ndi cholembera.

"Lero kalaliki ndiwe. Lemba."

A Telala analemba tsiku. Pamalo pa dzina la kasitomala analemba kuti, Mwini shopu. Pansi pake analemba 45. Atamaliza anatambasula dzanja lawo lamanja n'kuliyang'ana nthawi yaitali, kutsogolo ndi kumbuyo.

Azakhali ananyamula chikwama. Anati apume mpaka dzuwa lipepe, kenako apite kunyumba wapansi, pang'onopang'ono, ndipo Kalaliki asawasiye okha.

Atatsala awiri, a Telala anatenga thalauza lotuwa lija. Analowetsa ulusi pamakina n'kubwezeretsa msoko mmene unalili. Kansalu kachinayi anakapinda n'kukaika m'buku, patsamba lawo.

"Likuthinanitu, bambo."

"Lindithine. Lizindikumbutsa."

Atalivala, anatola sizasi yaikulu n'kuiyesa pachidutswa cha nsalu. Inatafuna m'malo modula. Kalaliki anaima chilili, akudikira chimene ankachidziwa kuti chikubwera.

"Yabuntha," anatero bambo ake.

"Pepani, bambo."

"Tikanoletsa." Anaiika patebulo. "Panali patatsala mphindi zingati?"

"18."

A Telala anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anagwira Kalaliki paphewa, n'kumupatsa kiyi.

"Tseka tizipita."

6. Ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu

Kuchokera pashopu kukafika kunyumba unali ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu. A Telala anali asanauyendepo wapansi kwa zaka zambiri. Wanjinga yamoto amene ankawanyamula tsiku lililonse anaima pambali pawo monga mwa nthawi zonse. Atamubweza, anawayang'ana modabwa ngati amuchotsa ntchito popanda mlandu.

Anayenda pang'onopang'ono. Pakona yoyamba anaima kuti apume. Kalaliki anawayang'anitsitsa kumaso.

"Pachifuwa, bambo?"

"Ayi. Miyendo yokha. Yaiwala ntchito yake."

Pa sitolo ya zitsulo anaimanso, n'kunamizira kuwerenga mitengo ya misomali. Kalaliki anawapatsa botolo la madzi, ndipo sanakane.

Kachitatu anaima pamene msewu umakhotera kunyumba. Ulendo uno sinali nkhani ya miyendo.

"Mayi ako," anatero. "Uwauza ndiwe kapena ndine?"

"Ndinu, bambo."

"Ndiyambira pati?"

"Kaya. Mwina pa mutu umene unkakupwetekani uja."

"Alira."

"Alira, inde. Koma inenso ndawanamiza dzulo. Sindifuna kuwanamizanso."

A Telala anapuma mozama. Anakweza thalauza limene linkawadya m'chiuno, n'kuyamba kuyenda. Ankalankhula chamumtima, milomo ikugwedezeka, ngati mwana amene akuloweza ndakatulo ya kusukulu.

Atakhota, anaona zovala zili pachingwe kutsogolo kwa nyumba. Panali yunifolomu ya Kalaliki, nsalu za pabedi, ndi malaya abuluu amene a Telala anavala dzulo popita kuchipatala. Thumba la malayawo linali litatembenuzidwa kunja.

Onse awiri anaima nthawi imodzi.

Mayi ake a Kalaliki anali atakhala pakhomo. Sanadzuke kudzalandira chikwama monga ankachitira. M'dzanja lawo munali kapaketi ka mapilitsi, kosatsegula, ndipo maso awo anali ofiira. Anayang'ana mwamuna wawo, nkhope yotuwa ndi fumbi la kumapazi. Kenako anayang'ana mwana wawo, amene dzulo anawauza kuti palibe chachitika.

"Lowani," anatero mwakachetechete. "Nonse awiri. Ayambe kulankhula ndani?"